Maphunziro omanga ndi kugwiritsa ntchito wailesi ya VHF (yolankhulirana panyanja) m'boti

Eni maboti ndi oyendetsa nonse,

Loweruka likubwerali, 8 koloko m'mawa, tikumana padoko la ku Monkey Bay kuti timange mawailesi mphepo ya mwera isanayambe.

Bwerani ndi:
- wailesi, eriyo ndi buku la wailesiyo
- batire ya 12V yodzaza
- fyuzi ya mulingo wolembedwa m'bukumo
- chingwe cha eriyo cha RG-58 ndi pulagi yake ya PL-259
- K10,000 ya sodala (womatira mawaya), tepi ndi nkhomaliro

Eriyo tiziimika chilili pamalo okwera kwambiri, chifukwa VHF imafika patali malinga ndi kukwera kwa pamene pali eriyo. Wailesi ikhale mita imodzi kutali ndi kampasi. Musakanikize batani lolankhulira eriyo isanalumikizidwe, mungapsereze wailesi. Mawu akamadukaduka, kawirikawiri ndi madzi amene alowa m'pulagi, ndiye aliyense aimata yekha ife tikuyang'ana.

Masana tiyeserera kuitana. Channel 16 ndi ya ngozi ndi kuitanirana basi, macheza apite kwina. Polankhula ndi apafupi ikani mphamvu ya wailesi pa 1 watt, 25 watts ndi ya patali. Pangozi nenani MAYDAY katatu, dzina la boti, pamene muli, vuto ndi chiwerengero cha anthu. Poyeserera mawailesi akhala ozimitsa.

Amene alibe laisensi ya wailesi yochokera ku bungwe la MACRA anene.

Yankhani pofika Lachinayi ngati mubwera, ndi dzina la boti lanu.