Usalembe kalata yosiya ntchito

Mwana wanga,

Chiimbire foni usiku uja tulo sindikutiona. Ukuti chiwauzire abwana ako kuti ndiwe woyembekezera, misonkhano ikumachitika iwe osaitanidwa, ndipo ntchito imene unaiyamba wekha apatsa mnzako ati iwe upumeko. Mpaka ukuganiza zolemba kalata yosiya ntchito. Usalembe.

Ndili ndi pakati pa iwe, abwana anga, akumwetulira, anandichotsa pa kauntala n'kundiika kuchipinda cha mafailo kuti ndisamatope. Ine n'kuthokoza, kupusa kwangako! Pochokera ku tchuthi ndinapeza pampando panga pali wina, anzanga n'kukwezedwa kawiri ine ndili pomwepo. Tsankho lotere silibwera ndi mwano, limabwera ngati chifundo. Mumtima amakhala atagamula kale kuti mutu wako wagona, uzingojomba, ndipo ukachira maganizo onse adzakhala kwa khanda. Nanga mwamuna wako, amene akudikira mwana yemweyo, alipo wamufunsa ngati ntchito adzaikwanitse?

Nseru ya m'mawa ndi kutupa mapazi zilipodi. Dokotala akati usaime nthawi yaitali kapena usanyamule zolemera, kanene mosachita manyazi. Koma wodziwa zimene sungathe ndi iwe ndi dokotala, osati abwana.

Pangano nambala 183 la ILO, bungwe loona za ntchito pa dziko lonse, la chaka cha 2000, limati tchuthi cha uchembere chisachepere masabata 14, ndipo mayi abwerere pa udindo wake kapena wofanana nawo, malipiro osatsika. Limatinso woyembekezera akachotsedwa ntchito, wolemba ntchitoyo ndiye apereke umboni woti chifukwa sichinali mimba. Si mayiko onse analivomereza, choncho werenga lamulo la kumene uliko pamodzi ndi kontrakiti yako. Koma ukasiya wekha wawapeputsira katundu. Adzangoti anachoka yekha, ife tinkamufuna.

Gula kabuku. Lemba tsiku, amene analankhula ndi mawu ake enieni. Za ntchito yakulandidwayo funsa abwana pa imelo, mwaulemu, kuti yankho lawo likhale lolembedwa, ndipo kope lake usunge kunyumba. Zikapitirira, pita nazo ku bungwe la apantchito kapena ku ofesi ya boma yoona za ntchito.

Sikelo ya mwezi uno usaphonye chifukwa choopa nkhope ya abwana. Ukabwerako undiimbire, ndimve zimene anamwino anena za mapaziwo.

Ndine,
Mayi ako