Lipoti la msonkhano wa opanga mapulogalamu: kulumikiza pulogalamu yathu ku Redis

Kwa a Wapampando, a Msungichuma ndi komiti yonse ya gulu lathu losunga ndi kubwereketsa ndalama,

Ndikupereka lipoti la msonkhano umene munandituma kukakhalapo konkuno ku Lusaka, pa holo ina ya m'mbali mwa msewu wa Great East. Ndalama imene munandipatsa inapita pa kulembetsa, mayendedwe ndi chakudya, ndipo malisiti onse ali kwa a Msungichuma. Mbali yaikulu ya msonkhanowu inali ya malonje a alendo ndi makampani otsatsa malonda, ndipo munalibe zotikhudza. Chimene chinabweza ndalama yanu ndi phunziro la Redis, chifukwa linafika penipeni pa dandaulo la mamembala athu lakuti akayimba USSD, nambala ija yoyamba ndi * n'kutha ndi #, foni imangoima mpaka kuduka.

Redis ndi seva imene Salvatore Sanfilippo wa ku Italy anayamba kulemba mu 2009. Imasunga zinthu mu RAM, malo amene kompyuta imakumbukiramo zinthu ikakhala yoyaka, n'chifukwa chake imayankha msanga kwambiri. Ife timaigwiritsa ntchito pokumbukira pamene membala wafika: mayi wa pa Soweto Market akasankha kubweza ngongole, Redis ndiyo imasunga chisankhocho kufikira atalemba kuchuluka kwa ndalama. M'komiti muno mwamveka mawu akuti tigule seva yaikulu, koma zimene ndinaona zanditsimikizira kuti vuto lili pa mmene pulogalamu yathu imalumikizirana ndi sevayo.

Mphunzitsi anaika makompyuta awiri patebulo, nalumikiza pulogalamu ku Redis kudzera pa port 6379, khomo lolowera ku sevayo, kenaka anasolola waya wa netiweki tonse tikuona. Pulogalamuyo sinanene kuti chalakwika n'chiyani. Inangokhala chete kudikira yankho, ngati munthu wodikira basi pa siteshoni yotsekedwa. Atabwezera wayayo anawonjezera mizere iwiri yokha, wina woika malire a nthawi yodikira kulumikizana, wina woika malire a nthawi yodikira yankho, ndipo atasololanso waya pulogalamu inanena za vutolo patangopita masekondi awiri n'kuyesanso. Nditabwerera ku ofesi ndinatsegula fayilo yathu ya redis-py, chida cholumikizira pulogalamu yathu ku Redis, ndipo mizere iwiri ija, socket_connect_timeout ndi socket_timeout, mulibe. Membala wa ku Kanyama amene foni yake imaima amakhala akudikira pulogalamu imene nayonso ikudikira popanda malire.

Pa kuyesanso anatichenjeza zinthu ziwiri. Choyamba, pulogalamu izitalikitsa nthawi pakati pa kuyesa kulikonse, kuopa kuti seva ikangodzuka onse angaithamangire pamodzi n'kuigwetsanso. Chachiwiri chikukhudza ndalama, ndipo ndikupempha a Msungichuma achimvetsetse: yankho likatayika panjira, sizitanthauza kuti seva sinachite chimene inauzidwa. Lamulo louza seva kuwerenga likhoza kubwerezedwa popanda vuto, koma lamulo lowonjezera nambala, monga INCR, likabwerezedwa limawonjezera kawiri. Pa chifukwa chimenechi ndikuumirira kuti kaundula wa ndalama za mamembala asasamukire mu Redis ngakhale pang'ono, akhale mu database yaikulu momwe alili.

Anafotokozanso za pool, kutanthauza kusunga njira zingapo zolumikizira ku Redis zotsegula kale zimene pulogalamu imabwereka n'kubweza. Yathu imatsegula njira yatsopano pa pempho lililonse, ndipo ngakhale Redis imalola zolumikizana 10,000 ngati simunasinthe, kutsegula ndi kutseka kumadya nthawi, makamaka kumapeto kwa mwezi pamene aliyense akubweza ngongole. Njira zosungidwazo ziyeneranso kuyesedwa ngati zili moyo, popeza rauta imatha kudula njira imene yakhalitsa osagwira ntchito popanda kudziwitsa mbali iliyonse.

Nkhani ya chitetezo inandikhudza mtima, ndipo pano ndilankhula mosabisa. Kuyambira pa Redis 6, imene inatuluka mu 2020, pali ACL, yolola kuti pulogalamu iliyonse ikhale ndi dzina lake, pasiwedi yake ndi malamulo okhawo amene ikufunika, ndipo palinso TLS, imene imabisa zodutsa panjira. Adilesi yolumikizira kudzera pa TLS imayamba ndi rediss:// m'malo mwa redis://. Ife tili ndi pasiwedi imodzi yokha yotsegula chilichonse, ndipo inatumizidwapo pa gulu la WhatsApp limene muli anthu amene anasiya kale ntchito kuno. Kontilakita amene anatiikira seva sanatipatsebe zolemba za mmene anaikonzera, ngakhale nkhaniyi ndinaibweretsa ku komiti ndipo inalembedwa m'maminitsi. Mu Redis yathu mumadutsa manambala a foni a mamembala, ndipo lamulo la Data Protection Act la 2021 limaika udindo wowateteza pa ife, osati pa kontilakitayo.

Ambiri pa msonkhanowo anagwirizana kuti mabungwe ang'onoang'ono ayambe kugwiritsa ntchito Sentinel, imene imayang'anira seva n'kukweza yachiwiri ngati yoyamba yagwa; pulogalamu imafunsa Sentinel pa port 26379 kuti seva yotsogolera ndi iti. Mfundoyi ndi yabwino, koma kwa ife nthawi yake sinakwane. Sentinel imafuna makina osachepera atatu kuti agwirizane pa chisankho, ndipo makina atatu a m'chipinda chimodzi amazimira limodzi magetsi akapita. Pempho la inverter ndi mabatire lakhala pa tebulo la komiti kuyambira 2024, pamene madzi anachepa ku Kariba ndipo kuzima kwa magetsi kunafika poipa, koma limakankhidwira ku msonkhano wotsatira nthawi zonse. Pakadali pano AOF, fayilo yolemba pa disiki lamulo lililonse losintha zinthu, ndi yozimitsidwa pa seva yathu. Ikayatsidwa kuti izilemba sekondi iliyonse, magetsi akazima tidzataya za sekondi imodzi yokha. Za Cluster, imene imagawa zinthu m'zigawo 16,384 pa makina ambiri, sindikambapo chifukwa ndi ya mabungwe aakulu kutiposa.

Panalinso mtsutso wa laisensi. Mu Marichi 2024 eni Redis anasintha laisensi yake, ndipo ena anapatukana n'kuyambitsa Valkey, seva yochokera ku Redis yomweyo, pansi pa bungwe la Linux Foundation. Ena anatentha nazo mitima, koma zonse ndafotokozazi zimagwira ntchito mofanana pa ziwirizo, choncho sitikufunika kusamuka chaka chino.

Ndikupempha komiti indilole kuika malire a nthawi, pool ndi AOF usiku wa Lamlungu likudzali, pamene mamembala oyimba amakhala ochepa. Izi sizifuna ngwee iliyonse. A Mlembi alembere kontilakita kalata yomupatsa tsiku lobweretsera zolemba, kuti tisinthe pasiwedi ndi kuyatsa ACL ndi TLS. Nkhani ya inverter ikhale yoyamba pa ajenda ya msonkhano wa mwezi uno, ndipo mitengo yochokera kwa ogulitsa ndidzabwera nayo ndine.