Mafunde a intaneti asakhale a makampani akuluakulu okha

A Mkonzi,

Ndipatseniko kamalo m'nyuzi yanu ndiyankhule za nkhani imene ambiri saiganizira akamadandaula za bandulo. Kudula kwa data aliyense akukudziwa, sindibwerezanso. Ine ndikufuna kunena za ife timakwera mapolo ndi madenga kukamanga timadishi toyera tija mumationa pamasukulu, pama loji ndi pamaofesi a mabungwe. Ndife opereka intaneti ang'onoang'ono, ena ali ndi timakampani tawo, ena ngati ine ndi mateknishani basi, ndipo ntchito yathu ndikutenga intaneti pomwe pafika faiba nkuiwombera pa wailesi kupita komwe faibayo sikafika olo patapita zaka khumi.

Zida zake si zachinsinsi ayi. Ambiri timagwiritsa Ubiquiti ya ku America, ma LiteBeam ndi ma PowerBeam aja, enanso MikroTik ya ku Latvia, amene ali ndi kathumba kolemerako amagula Cambium. Zonsezi zimayenda pa 2.4 GHz kapena 5 GHz, mafunde amene pafupifupi dziko lonse lapansi linagwirizana kuti aliyense atha kugwiritsa bola asapyole malire a mphamvu. Vuto ndi lakuti aliyense alidi pomwepo. Pa 2.4 machanelo osalowererana alipo atatu okha, 1, 6 ndi 11, ndiye muganize rauta ya nyumba iliyonse, hotspot ya foni iliyonse, Bluetooth ya sipika ya pa bawa, zonse pamalo amodzi. Tinathawira pa 5 GHz, zinayenda bwino kwa kanthawi, koma pano mukakwera denga mu Limbe kapena ku Old Town ku Lilongwe nkupanga sikani, mndandanda wa ma netiweki umatsika mpaka chala kutopa.

Apa ndiyambe ndi anzanga amene, tisanaloze chala kwina. Pali khalidwe loipa pakati pathu. Linki ikayamba kuvuta munthu safufuza kaye, amangokweza mphamvu mpaka kumapeto nkutambasula chanelo kufika 80 MHz pomwe 20 ikanakwana, mnzake wa polo lapafupi akaona siginolo yake yafa nayenso amakweza, mapeto ake onse awiri makasitomala akuimba foni usiku. Ena wailesi ikafunsa dziko poyikhazikitsa amasankha dala dziko lina kuti atsegule machanelo osaloledwa, ena amazimitsa DFS, kachipangizo kamene kamapangitsa wailesi kusamuka yokha ikamva rada. Izi si zamasewera. Pakati pa 5600 ndi 5650 MHz ndi pomwe ma rada ambiri a zanyengo amagwirira ntchito, ndipo ku South Africa ma rada awo anavutika kwambiri ndi mawailesi ngati athuwa. Dziko limene linaona namondwe wa Freddy mu 2023 silofunika kuliuza kawiri kufunika kwa zida zoonera nyengo. Komanso nthawi zambiri vuto silikhala mphamvu nkomwe, limakhala polo lalifupi. Linki ya makilomita 10 pa 5 GHz imafuna mpata wa mamita pafupifupi 12 kuzungulira mzere wake pakatikati pa njira, ndiye ukaimanga mu Seputembala mitengo ili mbee, ikafika Januwale masamba aphuka ndipo anyowa, sipidi imagwa ndipo olo ukweze bwanji mphamvu palibe chimasintha.

Koma ngakhale tonse titakhala angelo, malo ndi ochepabe, ndipo apa ndi pomwe ndikupempha a MACRA atimve. Lamulo la Communications Act la 2016 linawapatsa iwo udindo wogawa sipekitiramu, kutanthauza mafunde a wailesi amenewa, ndipo ndikudziwa kuti makampani a mafoni ndi amene amabweretsa ndalama zambiri za malayisensi, palibe akutsutsa. Funso langa ndi la mafunde amene kampani inapatsidwa dziko lonse koma ikuwagwiritsa m'tauni ndi m'mbali mwa M1 mokha. Kumudzi munda ukagonera zaka ndi zaka mwini wake ali ku Joni, amfumu amatha kubwereketsa wina alimepo mpaka mwini adzabwere, mundawo sunalandidwe koma sukumeranso tchire. Ku Britain bungwe lawo la Ofcom linachita zofanana mu 2019, linayamba kupereka timalayisensi ta dera limodzi pa mafunde a makampani a mafoni pomwe eni akewo sakuwagwiritsa. Bwanji ife osayesa ku Chitipa, ku Neno kapena ku Makanjira?

Chimandiwawa kwambiri nchakuti pa nkhani yogawana mafundeyi Malawi anali patsogolo. Mu 2013 ku Zomba, a dipatimenti ya physics ya ku Chancellor College motsogozedwa ndi Dr Chomora Mikeka, mogwirizana ndi MACRA yomweyo komanso bungwe la ICTP la ku Trieste ku Italy, anayesa TV White Spaces (TVWS), kutanthauza kutumiza intaneti pa machanelo a TV amene ali chete. Analumikiza malo ngati sukulu ya atsikana ya St Mary's ndi chipatala cha Pirimiti, ndipo anthu akunja ankabwera kudzaphunzira kwa ife. Mafunde amenewa, a pakati pa 470 ndi 694 MHz, ndi otsika ndiye amapita kutali ndipo mitengo siiwatchinga ngati mmene imachitira ndi 5 GHz, kwa dziko la mapiri ndi mitengo ya mango ngati lathu ndi abwino zedi. Sindinamizira boma lokha kuti ndilo linagonetsa nkhaniyi, zida za TVWS padziko lonse sizinatchipe ngati mmene anthu ankayembekezera ndipo sipidi yake pa chanelo imodzi ya 8 MHz ndi yochepa ukayerekeza ndi zomwe anthu akufuna lero. Komabe lero mukafunsa teknishani wamba kuti unagwirapo wailesi ya TVWS, ambiri amangokuyang'anani.

Pano nkhondo yasamukira pa 6 GHz. America inatsegula 1200 MHz yonse mu 2020 kuti Wi-Fi ndi zida zopanda layisensi zigwiritse. South Africa kudzera ku ICASA, bungwe lawo longa MACRA, inatsegula theka lapansi, 5925 mpaka 6425 MHz, mu 2023, ngakhale mphamvu yake ndi yochepa ndipo makamaka ndi ya m'nyumba. Kenaka kumapeto kwa chaka chomwecho ku msonkhano wa WRC-23 ku Dubai, wa ITU, bungwe la United Nations loona za mafunde,, theka lapamwamba, 6425 mpaka 7125 MHz, linalembedwa kuti ndi la mafoni kuno kuchigawo chathu cha Africa ndi Europe. Zinthu ngati zimenezi zimagamulidwa m'mahotela akutali koma ndi zomwe zidzanene ngati mwana wa ku Ntchisi adzakhale ndi intaneti yotchipa pasukulu kapena ayi. Msonkhano wina ngati womwewo uliko mu 2027. Nthumwi zathu zisanakwere ndege zitifunseko nafenso, osati kuitana makampani awiri atatu aja basi nkumati takambirana ndi onse okhudzidwa. Ndipo ngati theka lapansilo lili m'mapulani kuno, malamulo ake alembedwe momveka, makamaka za panja, chifukwa ife ntchito yathu ndi ya panja, Wi-Fi ya pabalaza siitithandiza.

Wina anena kuti mukuvutikiranji, Starlink, intaneti ya pa setilaiti ija, inabwera. Zoona inafika kuno mu 2023 ndipo sindinama, yasintha zinthu, makasitomala ena akuluakulu ngati mafamu ndi ma loji a kunyanja anagula kadishi kawo nkusiya kudalira mapolo. Ndiye bwino, mpikisano ndi umenewo. Koma ndi mabanja angati kumudzi angagule kiti ija nkumalipiranso mwezi ndi mwezi? Chomwe chingagwire ntchito ndi dishi imodzi pa trading centre, kenaka mawailesi athu nkugawira sukulu, chipatala ndi anthu ogula ma vocha a tsiku limodzi. Anyamata ena ayamba kale kuchita zimenezi mobisa, pomwe pulani wamba ya panyumba ya Starlink siloleza kugulitsa kwa ena, ndiye akukhala mwamantha mbali zonse ziwiri. M'malo mowasaka, bwanji osawatsegulira khomo loyenera? Kenya inakhazikitsa layisensi yotsika mtengo ya ma netiweki a m'midzi mu 2021. Ku Mankosi ku Eastern Cape kuli Zenzeleni, kopaletivi ya anthu a m'mudzi eni ake imene yakhala ikuyendetsa netiweki yawo pa sola kwa zaka zoposa khumi. Ife thumba la Universal Service Fund, lothandiza kufikitsa mafoni ndi intaneti kumadera osafikiridwa, tili nalo kale m'lamulo, ndalama zina zipite kwa magulu ngati amenewa, tawala imodzi ya kampani yayikulu mtengo wake ungamange mapolo ang'onoang'ono ambirimbiri.

Za ndalama zakunja ndingokhudza pang'ono poti aliyense zikumupweteka. Palibe wailesi, rauta kapena chingwe cha Cat6 chimapangidwa kuno, zonse ndi dola kapena randi, ndipo kwacha itagwa ndi 44% mu Novembala 2023 mtengo wa chida chilichonse unalumpha pomwe kasitomala ukamukwezera amangoti chotsani dishi yanu. Onjezerani mabatire ndi sola poti polo lopanda magetsi ake ndi chitsulo chabe, onjezeraninso mphenzi ya Disembala imene imapsereza wailesi ngati sunaike earth yabwino. Nchifukwa chake ndimati zida zomwe zinavomerezedwa kale mtundu wake ziikidwe pa mndandanda woti aliyense auone mosavuta, munthu asamaitanitse katundu ali ndi nkhawa kuti kaya akamutsekera pa boda.

Ndibwererenso kwa anzanga. Ku South Africa opereka intaneti ya pa wailesi ali ndi bungwe lawo la WAPA kuyambira 2006, ICASA ikatulutsa chikalata chofunsa maganizo amayankha ndi liwu limodzi, amaphunzitsana za kukwera mapolo mosamala, amakhala pansi nkugawana machanelo paphiri limodzi. Ife timakumana pa gulupu ya WhatsApp kufunsana amene ali ndi PoE yapadera, kachipangizo kopatsa wailesi magetsi kudzera pa chingwe cha netiweki, ikangotha nkhaniyo aliyense kwake, ndipo kasitomala wa mnzako ukamuona umamunong'oneza kuti bwerani kwa ine. MISPA, bungwe la opereka intaneti kuno, ilipo, ndi imene inayambitsa Malawi Internet Exchange, malo olumikizirana ma netiweki a m'dziko muno, ku Blantyre mu 2008, ang'onoang'onofe tilowemo kapena tipange kagulu kathu pambali, koma a MACRA akadzaitana anthu kudzapereka maganizo pa 6 GHz kapena pa layisensi ya m'midzi pakhale pepala lochokera kwa ife lolembedwa bwino, lokhala ndi manambala a machanelo ndi mphamvu zomwe tikupempha. Ndipo tiyambe ndi chapafupi, amene tili ndi zida pa Soche, pa Ndirande ndi pa Zomba tilembe kuti ndani ali pa chanelo chiti, titsitse mphamvu, tiyatsenso DFS.

Ine wanu,
Teknishani wokwera mapolo, Zomba