Pepala la ANA lisamatengedwe ngati chigamulo cha lupus

Akonzi,

Tiloleni tiyankhulepo pa kuyeza magazi kotchedwa ANA. Odwala ena kuno ku Kasungu akumabwera ndi pepala la ku labu ali ndi mantha, poganiza kuti mawu akuti "positive" akutanthauza kuti ali ndi lupus, nthenda imene chitetezo cha m'thupi chimaukira thupi lomwelo.

ANA imafufuza asilikali a m'thupi amene amaukira maselo a mwini wake. Ku labu amasukulutsa madzi a m'magazi mobwerezabwereza, nkulemba 1:40, 1:80, 1:160 kapena 1:320. Nambala ikakwera ndiye kuti asilikaliwo ndi ochuluka. Mwa anthu 100 athanzi, pafupifupi 30 amapezeka positive pa 1:40, pomwe pa 1:160 amapezeka 5 okha. Zoona, odwala lupus oposa 95 pa 100 alionse amakhala positive, choncho ANA ikatuluka negative, kawirikawiri nthendayo si lupus. Koma positive payokha siyikwanira.

Kwathu kuno zosokoneza nzambiri. TB, HIV ndi malungo zimatha kukweza ANA. Mankhwalanso amatero: isoniazid wa TB, komanso hydralazine ndi methyldopa amene amayi oyembekezera amapatsidwa BP ikakwera. Wodwala afunsidwe kaye zomwe akumwa.

Pepalalo limakhala ndi tanthauzo pakakhala zizindikiro: mfundo za zala kutupa, zilonda m'kamwa, tsitsi kuthothoka, zidzolo za m'masaya zomwe zimakula munthu akakhala padzuwa, zala kuyera kukazizira. Zikatero ayezedwe mitundu ya asilikaliwa yotchedwa anti-dsDNA ndi anti-Sm, yomwe imaloza lupus. Pepala likalemba centromere, ganizirani scleroderma, nthenda youmitsa khungu. Mayi woyembekezera wopezeka ndi mtundu wina wa asilikaliwa wotchedwa anti-Ro ayang'aniridwe bwino, poti mwa apo ndi apo mtima wa mwana umagunda pang'onopang'ono.

Chomwe ambiri amachinyalanyaza ndi mkodzo. Lupus imawononga impso mwakachetechete, ndipo kamtengo koviika mumkodzo, kotchipa kwambiri kuposa ANA, kamaonetsa puloteni miyendo isanatupe.

Anzathu azachipatala, chonde musayambitse munthu prednisolone, mankhwala ofooketsa chitetezo cha m'thupi, pongoona pepala. Ngati ali ndi TB yobisala, mwaidzutsa. Shuga ndi BP nazo zimakwera. Ndipo ANA ikatuluka positive, kuibwereza nkungotaya ndalama za wodwala, chifukwa nambala yake siyisonyeza ngati akuchira. Oganiziridwa lupus atumizidwe ku Kamuzu Central Hospital atayezedwa kale mkodzo, magazi, HIV ndi TB.

Ogwira ntchito zachipatala,
Kasungu