Za nsana wapsawo, mwana wanga

Mwana wanga,

Chithunzi chija wanditumizira ndi mng'ono wako, usamukalipire, ndine ndinamuumiriza. Dzulo pa foni umangoti "ndili bwino amayi, ndili bwino" ndipo ine ndimakudziwa, ukanena kawiri choncho ndiye kuti pali nkhani. Nde mmawa uno ndikutsegula WhatsApp ndangoona nsana, mapewa ndi khosi zili psuu ngati tomato wa pa Lizulu, tiyi ndinamusiya pomwepo mpaka anazizira. Imeneyi ndiye mphatso yanga ya Mother's Day chaka chino eti? Anzanga pa 15 October amalandira zitenje ndi shuga, ine ndalandira mwana wanga wachialubino wootcha ndi dzuwa wochokera ku nyanja ku Mangochi. Chabwino, zokalipa zibwera kumapetoku, pano tiyambe tazimitsa motowo kaye chifukwa ndikudziwa kuti usiku wathawu sunagone.

Choyamba ndi madzi basi. Osati a ayisi, osati a mu filiji, a pa mpopi omwewo, ndipo ngati akutuluka ofunda monga amachitira mwezi uno atunge mu ndowa akhale mnyumba azizire okha. Tenga chitenje chakale chofewa, chija chachapidwa mpaka kutha maluwa, unyowetse, ufinye pang'ono, mng'ono wako akuyale pa nsana ndi pa mapewa mphindi 15 kapena 20, chikafunda anyowetsenso, ndipo muzichita zimenezi kangapo pa tsiku makamaka madzulo pomwe ululu umakula. Ayisi ayi ndithu, khungu lavulala kale ndiye kuzizira kwa ayisi kumalipwetekanso kachiwiri. Posamba sopo wonunkhira uja muyike kaye pa windo, chinkhupule nachonso chipume sabata ino, ungodzithira madzi pang'onopang'ono, ndipo tawulo usakhule nalo, ungoligunditsa.

Tsono umve bwino apa chifukwa ndikudziwa kuti alangizi akuchuluka kale pa pulotipo. Mafuta ophikira ayi. Majarini ayi. Colgate ayi. Dzira laliwisi, mchere, phulusa, ndimu, zonsezo ayi. Ndikuyankhula ngati munthu amene anachitapo zimenezi pa thupi lako lomweli, mwina sukumbuka, unali ndi zaka 4. Ndinapita nawe ku munda ndikukukhazika pansi pa mtengo wa mango, ine ndi khasu ndwii osatembenuka, osadziwa kuti mthunzi wasuntha iwe wangokhala pa dzuwa ukusewera ndi dothi. Usiku umenewo unalira mpaka mawu kutha. Agogo ako anati paka mafuta, mayi wa nyumba yoyandikana nafe anabwera ndi Colgate wake akuti amaziziritsa, ine mantha ndinapaka zonse. Mmawa ku chipatala nesi anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, kenako anandifunsa kuti mayi, poto akatentha mumamuvundikira kuti azizire? Mafuta amatsekera kutentha mkati ngati chivundikiro. Colgate uja amanamiza, amamveka zii kwa kamphindi kenako amauma gwaa ndikuyamba kuluma, ndipo pomuchotsa tsiku limenelo anachoka ndi kakhungu komwe, kulira kwako ndimakumvabe mpaka lero. Dzira ndiye limangobweretsa tizilombo pa malo poti patseguka kale. Ngakhale Vaseline amene timamukhulupirira pa chilichonse, lero ndi mawa adikire kaye, nthawi yake ndi pomwe kutentha kwatha khungu layamba kuuma.

Chomwe ndimavomereza ine ndi alovera. Uja ndinadzala kuseri kwa bafa anthu amandiseka kuti ndikulima minga, ndinadzalira iweyo. Koma naye ali ndi kachitidwe kake, sikungothyola ndikupaka. Ukadula tsamba uliyimike mu kapu kwa kanthawi kuti utomoni wachikasu uja utsike wonse, umenewo ndi umene umayabwa ndipo ena umawatupitsa. Kenako ulitsuke, uchotse minga ya m'mbali, using'ambe pakati, utenge zoterera zoyera za mkatizo ndi supuni yotsuka bwino. Yamba wapaka pang'ono pa mkono pomwe sipanapse udikire kaye, ngati sipakuyabwa ndiye upake pa nsana mopyapyala, manja osamba. Ukaika tsambalo mu filiji pang'ono ndiye umva kukoma. Wa mu botolo wa ku famase aliponso koma uwerenge kuseri, akakhala ndi alcohol kapena pefyumu musiye pa shelefu pomwepo. Calamine uja wa pinki timapaka ana akadwala katsabola nayenso amathandiza kuyabwa. Koma zonsezi ndi za pa khungu lofiira lomwe silinatseguke, pa chilonda sipafika alovera.

Pa chithunzi ndaona matuza awiri pa phewa la kumanja. Usawaboole chonde. Ndikudziwa dzanja limayabwa ukawaona atatukuka choncho, umafuna singano kapena pini, koma madzi ali mkatimo ndi kakhungu ka pamwambako ndiye bandeji yake, pansi pake khungu latsopano likumera mwakachetechete. Likaphulika lokha utsuke ndi madzi aukhondo, kakhungu kaja usakasende, uphimbe ndi gozi wa ku famase osamanga zolimba. Thonje ayi, limamatirira. Zovala uvale zotaya zofewa, ngakhale chitenje chokha uli mnyumba, bra ndi chikwama cha pa phewa ziyambe zapuma. Uzigona chafufumimba, neti usaiwale koma isakhudze nsana.

Uzimwa madzi ambiri kuposa masiku onse chifukwa khungu likapsa limakoka madzi a m'thupi, ndi chifukwa chake ukumva litsipa ndi kufooka. Thobwa ali bwino, ukamva chizungulire sungunula paketi ya Thanzi mu lita imodzi ya madzi uzimwa pang'onopang'ono, si ya ana okha ija. Za m'mabotolo zija ndinaona pa tebulo pa status ya mnzako sindinena zambiri, ndingoti sabata ino ayi. Panado awiri pakatha maola 6 alionse ngati ululu wakula, osapitirira 8 pa tsiku, kapena brufen amene amachepetsanso kutupa koma ameneyo umwe utadya nsima, ndipo ngati vuto la zilonda za m'mimba lija linayambiranso musiye ukhale pa Panado. Usadabwe lero kuwawa kuposa dzulo, kupsa kwa dzuwa ndi kotero, pa nyanja pomwepo sumva kanthu, kumayamba madzulo ndipo tsiku lotsatira ndiye chimake. Pakapita masiku angapo khungu liyamba kusupuka ngati njoka ikufundula, lisiye lizigwa lokha, pamenepo ndiye uzipaka loshoni wosanunkhira kapena Vaseline uja, ndipo zikhadabo uwenge chifukwa kuyabwa kwake ukhoza kudzikanda mtulo.

Koma pali pomwe za pakhomo zimathera. Thupi likatentha, ukamanjenjemera, ukamasanza, mutu ukamazungulira osasiya, mkodzo ukachepa, matuza akachuluka kapena pakayamba mafinya ndi kununkha, kwera kabaza upite ku chipatala usadikire kuti kuche. Ndipo ukafika akuyezenso malungo, wachokera ku nyanja iwe, anthu amanamizira dzuwa pomwe ndi udzudzu. Uwauzenso mankhwala alionse amene ukumwa, ena monga doxycycline ndi bactrim amachititsa khungu kupsa msanga. Za likodzo nazonso udzafunse pakapita masabata angapo poti unasambira, imeneyo ndi nkhani ina.

Tsono tikambe zenizeni. Zithunzi za ulendo wanu ndaziona zonse, mng'ono wako anandionetsa mmene amakulitsira ndi zala. Ndayang'ana chimodzi chimodzi, chipewa chako cha khonde sindinachione, magalasi sindinawaone, malaya a manja aatali palibe, uli ndi kabulauzi ka zingwe ngati anzako onse, mukuseka, ndipo ndinene zoona unatchena mwana wanga, mtima wanga unakondwa ndi kuwawa nthawi imodzi. Ndikudziwa chomwe chinachitika, sunaiwale ayi, unachisiya dala mu basi. Unatopa kukhala uja wa chipewa pa chithunzi chilichonse. Ndikukumbuka uli sitandade 3 umachibisa mu thumba la mabuku ukangokhota pa chigayo chifukwa cha maina amene ana amakuitana, ine ndimakuona ndili pa mjigo koma ndimangokhala chete. Sindikuweruza. Anzakowo khungu lawo lili ndi melanin, chija adokotala anatifotokozera kuti ndi ambulera yobadwa nayo, iwe ndi anzako achialubino mulibe kapena ndi yochepa kwambiri, nde dzuwa lomwe iwo lawadetsa pang'ono iwe lakuphika.

Ndipo usandiuze za mitambo, mng'ono wako wanena kale kuti umati kunali mitambo. Mphamvu ya dzuwa yowotchayo imadutsa mitambo, komanso ku nyanja imakumenya kawiri, kuchokera kumwamba ndi kunjanja pa mchenga ndi pa madzi, ndi chifukwa chake wapsa ndi pansi pa chibwano pomwe. Kamphepo ka pa nyanja ndi kamene kamapusitsa, thupi limamva zii khungu likupsa. Kuyambira 10 koloko mmawa mpaka 4 koloko madzulo ndi nthawi ya mthunzi, lamuloli unaliloweza usanadziwe ndi kuwerenga komwe. Mafuta oteteza ku dzuwa aja a SPF 50 kudzola kamodzi mmawa ponyamuka ku Lilongwe sikukwanira, amafuna kubwereza pakatha maola awiri alionse komanso ukangotuluka m'madzi, makutu, khosi, milomo, kuseri kwa manja ndi pamwamba pa mapazi.

Nsanawu upola, sabata imodzi kapena ziwiri uiwala. Chomwe chikundisowetsa tulo ine si nsana, ndi khutu lako la kumanzere. Kankhanambo kaja ndinakaona pa Isitala, unati ndi ndolo, ndipo pa chithunzi cha leroli kakadalipo pomwepo, miyezi yonseyi. Khungu limasunga ngongole mwana wanga, kupsa kulikonse limalemba. Ukuwakumbuka bambo aja achialubino ankasoka nsapato pa msika, amene ankakupatsa maswiti? Zinayamba ndi kachilonda kakang'ono pa khosi, amati kapola kapola, akupaka izi ndi izo, pomwe amapita ku chipatala chachikulu inali khansa yapakhungu itakhazikika kale, anatisiya ana awo ali ang'onoang'ono. Anthu akamakamba za ife amakamba za zigawenga zija zinatisowetsa mtendere zaka zapitazi mpaka ndimagona ndi chikwanje kumutu, koma dzuwa limatenga anthu athu mopanda phokoso, wailesi siilengeza. Pomwe tizilonda timeneti akatipeza msanga ntchito yake ndi yochepa, ena amangowazizira ndi kampweya kozizira kwambiri, ena kudula pang'ono, munthu ndikubwerera kunyumba tsiku lomwelo. Mwina si kanthu, mwinadi ndi ndolo, koma anene zimenezo ndi dokotala wa khungu osati iwe kapena ine. Chipatala cha Central chili pafupi ndi kwanu, minibasi imodzi. Nsana ukangoti wazizira upite, ufunsenso mafuta oteteza ku dzuwa ku famase ya konko poti ako ndikukayika ngati alipo, akakhala kuti atha ufunse anzako a ku APAM, bungwe lija la anthu achialubino, amadziwa komwe akupezeka.

Ku nyanja sindikukuletsa, ndani angaletse mwana wake nyanja. Uzisambira mmamawa dzuwa lisanakwere ndi madzulo likamalowa, ndi pomwenso zithunzi zimakongola, masana ukhale pa mthunzi uzidya chambo chako. Ndipo anzako enieni akadzakuona wasiya chipewa mu basi adzabwerera kukachitenga okha, uwauze kuti ndatero ine.

Malume ako akubwera mtauni Lachinayi kudzagula mbewu, ndiwapatsira masamba a alovera anayi, ufa woyera pang'ono ndi nsalu ya buluu ija kuti telala wako akusokere malaya a manja aatali mu sitayilo yomwe ukufuna iweyo, osati zanga zachikale. Bambo ako sindinawaonetse chithunzichi, ukudziwa BP yawo, ndangowauza kuti watopa ndi ulendo. Madzulo ano undiimbire pa video ndione matuzawo, ndipo tsitsi ulikweze, khutulo ndilione.

Ndine mayi ako.