Kudutsitsa mafoni njira ina pakokha sikuthetsa kudzadza kwa netiweki

Akonzi,

Usiku wa pa 31 Disembala, kapena ngozi yaikulu ikagwa, mafoni amavuta kulowa, ndipo anthu amati makampani ayenera kungowadutsitsa njira ina. Makina olumikiza mafoni amachita kale zimenezo, koma njira yolambalala ili ndi vuto lake.

Laini imodzi ya E1, mtundu wa laini yolumikiza makina a mafoni, imanyamula mafoni 30 nthawi imodzi. Malinga ndi masamu amene Erlang wa ku Denmark anafalitsa mu 1917, kuti pakanike foni imodzi yokha pa 100, oimba asapitirire 20 nthawi imodzi pa avereji. Akafika 25, zokanika ndi 5 pa 100. Akafika 30, ndi 13.

Tiyerekeze kuti njira ya Lilongwe kupita ku Blantyre yadzadza, foni n'kudutsira ku Zomba. Foni imeneyo yatenga malo awiri: a Lilongwe ndi Zomba, komanso a Zomba ndi Blantyre. Oimba akachepa palibe chovuta. Koma njira zonse zikamadzadza, foni iliyonse yolambalala imatsekereza mafoni ena awiri, nawonso amalambalala, mpaka netiweki yonse ikunyamula mafoni ochepa kuposa poyamba.

Mankhwala ake ndi odziwika kalekale, amatchedwa trunk reservation. Pa njira iliyonse amasungapo malo ochepa omalizira, mwina atatu pa 30, ndipo pakatsala amenewo okha foni yolambalala imakanizidwa. Kukana foni imodzi kuti ziwiri zilowe kumaoneka nkhanza, komatu n'kumene kumapulumutsa netiweki.

Pa 4G mawu amayenda limodzi ndi data, choncho ayenera kupatsidwa gawo lawolawo ndi kudutsa patsogolo pa mavidiyo. Vidiyo ikachedwa sekondi imodzi palibe wodandaula, koma mawu akachedwa kupitirira sekondi 0.15, malire amene bungwe la dziko lonse loona za matelefoni la ITU limalimbikitsa, olankhula amayamba kudulana.

Pempho langa kwa MACRA ndi lakuti izifalitsa chiwerengero cha mafoni okanika pa ola lotanganidwa kwambiri, dera ndi dera, chifukwa avereji ya tsiku lonse imabisa vutoli. Nafenso oimba, foni ikakana tisamabwereze kakhumi motsatizana, tikungowonjezera katundu. Ndi bwino kutumiza SMS, imene imasungidwa n'kudzafika mpata ukapezeka.

Wowerenga wanu,
Lilongwe