Tilembereni nkhani za kafukufuku

A Mkonzi,

Dandaulo langa ndi loti nkhani za sayansi mumazinyalanyaza kwambiri pomwe akatswiri akupeza zinthu zikuluzikulu. Mu 2024 ku South Africa ndi Uganda anayesa jakisoni woteteza ku HIV wotchedwa lenacapavir wobaya kawiri kokha pachaka, ndipo pa zotsatira zoyamba mwa atsikana ndi amayi opitilira 2,000 omwe anabayidwa panalibe olo mmodzi anatenga HIV, koma mmasamba mwanu zii.

Chimene chimandikhudza ine nchoti mapilitsi oteteza ku HIV otchedwa PrEP analipo kale ndipo amagwira ntchito bwinobwino, vuto ambiri samamwa tsiku ndi tsiku, ndiye ofufuza za kakhalidwe ka anthu ndi amene anakhala pansi nkumacheza ndi atsikanawo, nkupeza kuti ena amaopa kabotolo kakapezeka mchikwama anthu aziti ali ndi kachilombo, ena chibwenzi chiyamba kuwakayikira. Zimenezi mu labotale simungazione ayi.

Palinso katemera wa malungo wa R21 yemwe bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linavomereza mu 2023. Chonde tipatseniko tsamba limodzi sabata iliyonse lofotokoza zoterezi mChichewa chomveka.

Wowerenga wanu